Chigwinjiri Chimene Gologolo Adabisa

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, pakuti nthano iyi imadutsa kumanda kawiri ndipo sindifuna kudutsako ndekha.

Padali Njiri, mkumbi wa zitsime m'dziko la nyama. Chilimwe chikafika poipa, iye ndiye ankagwada pamchenga n'kukumba ndi minyanga yake mpaka madzi atatumphuka. Chitsime chilichonse ankachipatsa dzina, ndipo mainawo ankawasunga m'mutu motsatana, kuyambira chimene adakumba ali mnyamata. Ngakhale Njovu, ndi ukulu wake wonse uja, akamwa madzi ankapita kukathokoza kwa Njiri.

Koma ukalamba sudumpha khomo la munthu. Mawondo a Njiri adayamba kulira akamagwada. Kenaka mkazi wake, make Namilanzi, adadwala n'kumwalira. Pochokera kumanda Njiri adalowa m'nyumba, adayala mphasa, n'kugona atafumbata chigwinjiri cha mkuwa chimene malemuyo ankavala padzanja. Tsiku lometa lidafika, abale adameta n'kubalalika. Iye sadadzuke.

Mwana wake Namilanzi ndiye ankamusamala. Ndisamunamizire mwanayu, sadali woipa. Ankawakonda bambo ake mopitiriza muyeso, ndipo mawu ake adali amodzi.

"Bambo, pumani. Ntchito mudagwira yokwana."

Njiri akafuna madzi, chikho chinkafika pakamwa asadatambasule dzanja. Akafuna kutembenuka, Namilanzi ankamutembenuza. Chakudya chidali phala lamadzimadzi, losefa, loti ngakhale khanda lingalinyoze. Chitseko chinkakhala chotseka kuopa mphepo. Anzake akabwera kudzacheza ankabwezedwa pakhomo ndi mawu akuti bambo akupuma, ndipo amene ankaloledwa kulowa ankanong'ona ngati ali pasiwa. Njiri akalankhula zosokoneza, onse ankangovomera kuti indedi agogo, ndi momwemo. Mfumu ya dzikolo, mayi Nang'omba, nayo idalamula kuti pasapezeke wovutitsa mkumbi wa zitsime, pakuti ulemu wake ndi umenewo.

Ulemuwo udayamba kumudya Njiri. Miyendo idafota. Adayamba kufunsa ngati kwacha, dzuwa lili paliwombo. Tsiku lina adamuyang'ana Namilanzi nthawi yaitali asadakumbuke dzina lake, ndipo mwanayo adatuluka n'kukalira kuseri kwa nkhokwe. Amene adamuona mkuluyo ankanong'onezana kuti mvula ikubwerayi sadzaiona.

Tsono Njiri adali ndi msuweni wake, Gologolo. Musandifunse kuti njiri ndi gologolo adakhala bwanji pachisuweni, kale ukwati sunkayang'ana mchira. Chisuwenicho mukuchidziwa: msuweni amakutukwana pagulu, amakutengera chako masanasana, iwe n'kungoseka, mlandu palibe. Gologoloyu adali wakuba chibadwire. Naye adali atakalamba, mchira utathothoka, koma pakamwa padali padakali pakuthwa. M'dziko lonselo ndi iye yekha amene ankamutchula Njiri kuti iwe.

M'mawa wina Gologolo adaima pakhomo.

"Odi kuno kumanda."

"Kuno si kumanda, a Gologolo," adatero Namilanzi. "Bambo akupuma."

"Kupuma kuti, mwanawe? Kupuma kulipo kuwiri. Kulipo kopuma mpweya, kulipo kopuma zonse."

"Sindikukumvetsani."

"Udzamvetsa adzukulu akadzabwera ndi makasu. Nditsegulire."

"Amfumu adaletsa."

"Amfumu adaletsa pakhomo. Za padenga sadanene."

Mawuwo asadathe, Gologolo adali atakwera kale, wapatula udzu, walowa. Adamupeza msuweni wake ali gone, maso ali kuchipupa. Adamuyang'ana, ndipo mtima udamuwawa, pakuti uyu adali Njiri amene kale ankadzutsa fumbi akamathamanga. Koma chisoni adachimeza. Adatenga ndodo ya mkuluyo imene idali kumutu, adatuluka nayo, adakaizika kumapeto kwa bwalo la nyumba, n'kukhala pamwamba pake kuyamba kuimba.

Nyimboyo idali yachipongwe. Inkanena za chipika chogona m'nyumba chimene chiswe chayamba kale kuchilawa, n'kumafunsa ngati okumba manda abwere lero kapena adikire mawa. Polekezera pake inkabwereza funso limodzi, loti mwini nyumba akupuma kupuma kuti. Mawu ake adali oseketsa, koma kaimbidwe kake kadali ka pamaliro, kotero kuti womva sankadziwa ngati aseke kapena aweramitse mutu.

Njiri adatsegula diso limodzi. Adayang'ana kunja kudzera pamng'alu wa chitseko.

"Namilanzi, kanditengere ndodo."

Mwanayo adathamanga, adamuopseza Gologolo ndi tsache, adabweza ndodo kumutu kwa bambo ake.

"Tumiza, msuweni," adatero Gologolo ali padenga. "Ukachira ukamufunse Mbira chimene chidamusowetsa mchira."

Njiri adatembenukira kuchipupa. Koma Gologolo adali ataliona diso lija, ndipo m'disomo mudali mkwiyo. Adapita kwawo akudziuza kuti m'phulusa muja mudakali kamoto.

Adabweranso tsiku lina. Ulendo uno sadabe kanthu. Adakhala padenga, adayamba ndi nyimbo yake ija, ndipo nyama zodutsa zitaima kumvetsera, iye adayamba kudzitama.

"Inu ana, zitsime zimene mumamwazi ndidakumba ndine. Uyu ali m'nyumbayu ankangondigwirira mchira kuti usade. Choyamba ndidakumba Msekanjovu."

M'nyumba mudamveka mawu osasa. "Bodza."

"Chipika chalankhula?"

"Choyamba ndi Kamwankhunda. Msekanjovu ndi chachiwiri."

"Chabwino. Chachitatu ndidakumba Ndakupeza. Pamenepo ndidakumana ndi namwali wokongola, adandipempha madzi, ndipo adati sadaonepo mwamuna wonga ine."

Ha, apa ndiye adaponda pachilonda. Ndakupeza ndi chitsime chimene Njiri adakumanirana ndi make Namilanzi, ndipo dzinalo adachipatsa chifukwa cha iyeyo. Mphasa idalira. Njiri adadzuka n'kukhala tsonga, adakwawa mpaka pakhomo, adakankha chitseko. Dzuwa lidamuthobwa m'maso, koma pakamwa padatseguka. Adayamba kutchula zitsime zake motsatana, chaka chimene adakumba, ndi amene adamwa koyamba. Adatchula, adatchula, ndipo pakati adaima. Dzina lidamuthawa. Nyama zimene zidaima panjira zidayang'ana pansi ndi manyazi.

"Musavutike, bambo, zilibe kanthu," adatero Namilanzi.

"Ndikuthandize," adatero Gologolo. "Chimenecho ndi Chigonamulesi."

"Tonthola, mbava iwe." Njiri adatsinzina, thukuta lili kamukamu. "Chilindamvula. Ndi Chilindamvula. Madzi ake sadaphwe mpaka mvula itagwa."

Adamaliza mainawo onse osaphonya. Koma atamaliza adali wefuwefu, ndipo Namilanzi adachita mantha. Adamunyamula, adamugoneka pamphasa, adatseka chitseko ndi mpiringidzo, adamata bowo la padenga.

"Mwaona, bambo? Munthu uja akufuna kukuphani. Pumani."

Ndipo Njiri adapuma. Masiku adapita, kamoto kaja kadayambanso kuzirala.

Kachitatu Gologolo adabwera mwaulemu. Adadzera pakhomo, adanjuta, adaomba m'manja, maso ali pansi.

"Mwana wa msuweni wanga, ndidalakwa. Ndabwera kudzapepesa. Ndilole ndiwaone, ndiwapatse kamphatso kanga, ndizipita."

Namilanzi adakayika, koma wopepesa sabwezedwa pakhomo. Adatsegula. Gologolo adakhala pansi pafupi ndi mphasa, adatulutsa mbatata yaiwisi, yaikulu, imene sindikukayika kuti adaba m'munda wa wina.

"Msuweni, ndidakuputa. Landira."

Njiri adatambasula dzanja limodzi, linalo litafumbata chigwinjiri.

"Ndi dzanja limodzi?" adatero Gologolo motsitsa mawu. "Ndine wakuba, inde, koma mphatso amalandira chotero? Mayi ako, azakhali anga aja, adakulera chonchi?"

Njiri adachita manyazi. Ukalamba udamulanda zambiri koma mwambo sudamuchoke. Adaika chigwinjiri pamphasa, adatambasula manja onse awiri, adalandira mbatata. Pamene ankati zikomo, Gologolo adali pakhomo, chigwinjiri chili kukamwa.

Zimene zidachitika apo Namilanzi sadaziiwale. Bambo ake adadzuka osagwira ndodo. Adatuluka pakhomo, mchira uli njo monga kale, adadutsa bwalo lonse akulirima. Gologolo ankathamanga pang'ono n'kuima, kuthamanga pang'ono n'kuima, akung'ung'udza nyimbo yake ya chipika. Atafika padzala, miyendo ya Njiri idakana. Adagwa chafufumimba, mawondo adanyuka, magazi adatuluka. Adagona pomwepo akulira, osati chifukwa cha mawondo ayi, koma chifukwa chimene chidatsala cha mkazi wake chidali chitapita.

Gologolo adaima pamtengo n'kumuyang'ana. Sadaseke, koma chigwinjiri sadabweze.

Namilanzi adapita kwa mfumu misozi ili m'masaya. Mayi Nang'omba adaitanitsa bwalo, ndipo Gologolo adabwera yekha osachita kumugwira.

"Gologolo, udaba chigwinjiri cha malemu?"

"Ndidatenga, mfumu."

"Lamulo langa udalimva?"

"Ndidalimva. Koma ndifunse nawo, wadandaula ndani?"

"Mwana wa Njiri."

"Pepani mfumu, inu ndinu mwini mwambo, ine ndine mwana. Kodi za pachisuweni amadandaula ndi mwana? Ngati msuweni wanga akuti ndapyola malire, abwere anene yekha. Mwina iye akuseka kunyumbako."

Mayi Nang'omba adagwedeza mutu. Adali mfumu yosathamangira mawu. "Apo wanena zoona. Mwini ndiye adandaule."

"Tidzawanyamula pamachira," adatero Namilanzi.

"Wonyamulidwa ndi anthu amapita kumanda, sabwera kubwalo," adatero Gologolo. "Wodandaula amabwera ndi mapazi ake, n'kuimirira."

Mfumu idamuyang'ana Gologolo nthawi yaitali. Ine ndimati idamuzindikira, koma sidanene. Idangogamula kuti Njiri afike pabwalo ndi mapazi ake mwezi ukadzaoneka, ndipo akadzalephera, chigwinjiri n'cha Gologolo.

Namilanzi atafotokoza kunyumba, Njiri adakankha mbale ya phala.

"Ndi madzi awa sindingafike kubwalo. Mbatata ya wakuba ija ili kuti?"

"Ndi yolimba, bambo. Ndikuphikireni."

"Bwera nayo momwemo."

Adaikukuta pang'onopang'ono mpaka kuimaliza. M'mawa mwake adati amutsegulire chitseko, adayenda mpaka pankhokwe n'kubwerera. Mawondo ankalira, iye ankawatukwana. Tsiku lina adafika padzala pamene adagwa paja, adapalavulira, n'kupitirira. Tsiku lina adafika panjira, ndipo kumeneko adakumana ndi Nungu, mnzake wakale, amene adacheza naye mpaka dzuwa kupendeka. Nungu adali wamakani, sankavomera kanthu, ndipo Njiri adabwera kunyumba atakwiya ndiponso ali ndi njala. Adadya ndiwo zamasamba mbale yonse, n'kugona tulo tofa nato. Padalinso masiku amene thupi linkakana, iye n'kungokhala pakhonde. Masiku oterowo nyimbo ya chipika inkamveka kuchokera mumtengo, ndipo mawa lake ankadzuka.

Namilanzi ankayenda pambuyo pake manja ali chire, kudikira kuti agwe amuwakhe. Ankamuda Gologolo ndi mtima wake wonse.

Mwezi utaoneka, bwalo lidadzaza. Njiri adafika mochedwa, akupumira m'mwamba, koma adafika ndi mapazi ake. Adakana mpando, adaimirira atatsamira ndodo.

"Mfumu, uyu akubisala m'chisuweni. Ine ndikuti si msuweni wanga. Ndi mbava chabe."

"Tiuzeni mtundu wanu, timve," idatero mfumu.

Njiri adayamba. Adatchula makolo ake mmodzimmodzi, kumene adachokera ndi kumene adagona, ndipo mutu wake udali mbee. Adafika pa agogo ake aakazi.

"Iwowo adabereka mayi anga. Pambuyo pa mayi anga padabwera mwana amene adafa ali khanda. Pambuyo pake padabwera mwamuna, malume anga, wamfupi, wamchira wautali, amene sankadutsa pankhokwe ya munthu osa..."

Adaima.

"Pitiriza, msuweni," adatero Gologolo.

"Bambo ako," adatero Njiri. "Adali bambo ako. Nawonso adali akuba."

Bwalo lonse lidafa ndi phwete, ndipo Njiri mwini adaseka, koyamba chimwalirire mkazi wake. Mfumu idadikira kuti phokoso lithe.

"Chibale ndi fupa, sichiwola. Mwadzigamulira nokha, a Njiri, mlandu palibe. Koma iwe Gologolo, chinthu cha malemu si chosewera nacho. Bweza."

Gologolo adakanda kumutu. "Mfumu, ndikadabweza lero lomwe. Koma ndidachikwirira, ndipo mukudziwa mtundu wathu, timakwirira n'kuiwala. Ndiye ndi ukalambawu. Ine mphamvu zokumba ndilibe. Msuweni wanga akadzuka m'mawa tikafune limodzi, mwina ndikakumbukira."

Adayamba motero. M'mawa uliwonse Gologolo ankafika pakhomo ndi nyimbo yake, Njiri ankatuluka akutukwana, awiriwo n'kunyamuka.

"Ndi apa, ndakumbuka."

Njiri ankagwada n'kukumba. Ankapeza mizu yokoma, n'kudya.

"Palibe."

"Ndiye kuti ndi uko. Koma dzuwa lakwera, tipume kaye pamthunzi. Kupuma kwa mpweya, osati kwako kuja."

Ankakhala pamthunzi, kumwa madzi, kukangana za anthu amene adafa kalekale, ndi kukumbutsana za make Namilanzi, mmene ankasekera ndi mmene ankakalipira. Poyamba Njiri akamutchula ankalira. Pambuyo pake ankalira pang'ono n'kuseka pang'ono. Tsiku lina pokumba adatulutsa madzi, ndipo chitsime chatsopanocho adachitcha Bodzalamsuweni. Nungu adayamba kuwatsatira, kenaka nkhalamba zina zimene ana awo adazitsekera m'nyumba ndi chikondi chomwecho.

Mvula idagwa, Njiri adaiona. Adaima pabwalo mpaka kunyowa, Namilanzi akumukuwira kuti alowe. Thupi lidabwerera, ngakhale silidafike pakale. Mawondo sadasiye kulira, ndipo mwana wake ankawathowa madzulo ndi madzi otentha. Koma dzina la mwanayo sadaliiwalenso.

Idafika nyengo yachisanu. M'mawa wina nyimbo sidamveke pakhomo. Njiri adadikira mpaka dzuwa kukwera, kenaka adatenga ndodo n'kupita kwa msuweni wake, Namilanzi ali pambuyo. Adamupeza Gologolo ali gone, chifuwa chikulira, thupi litatha ngati nsanza.

Njiri adaima pakhomo. Adakonza kukhosi n'kuyamba kuimba nyimbo ija, ya chipika ndi chiswe ndi okumba manda. Mawu ake adali oipa, sadali woimba. Atafika pa funso lija la kupuma, mawu adamuthera.

Gologolo adatsegula maso n'kumwetulira.

"Waiphunzira. Koma usataye nthawi, msuweni. Kwako kuja kudali kugona. Kwangaku ndi kupuma kwinako."

"Dzuka, mbava iwe. Ndikubera ndodo."

"Iba. Siinditengeranso kulikonse."

Njiri adamufunira mankhwala, adamuphikitsira phala, adakhala pambali pake masiku onsewo. Si nthenda zonse zimene zimathawa munthu akayenda, ndipo iyi sidathawe. Tsiku lomaliza Namilanzi adagwada pafupi ndi wodwalayo.

"A Gologolo, ndakhala ndikukudani, ndipo mukudziwa. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Musapite nacho chigwinjiri cha mayi anga. Nenani pamene chili."

Gologolo adamuyang'ana, adayang'ana Njiri. M'maso mwake mudabwera kuwala kwa ukathyali, konga kwa tsiku la mbatata lija.

"Sendera, msuweni. Ndakumbuka zenizeni tsopano."

Njiri adatchera khutu.

"Chili pansi pa m..."

Adakoka mpweya. Adautulutsa. Sadaukokenso.

"Pansi pa m chiyani?" adafunsa Namilanzi. "A Gologolo, pansi pa chiyani?"

Njiri adamutseka maso msuweni wake. Misozi inkayenderera mpaka kuminyanga.

"Wakuba iwe," adatero. "Waba ndi mawu omwe."

Adamuika. Pochokera kumanda Njiri adalowa m'nyumba, adagona pamphasa, maso kuchipupa. Namilanzi mtima udamugwa, pakuti njira imeneyi adali ataiona kale. M'mawa adasefa phala, adalowa nalo, mawu ake aja ali kale pamilomo. Adapeza bambo ake atakhala tsonga, akuwerenga zala.

"Mkuyu. Msuku. Mlambe. Mpoza. Mbawa. Mthethe. Iwe Namilanzi, m'dziko muno ulipo mtengo umene dzina lake siliyamba ndi m?"

"Ilipo yochepa, bambo."

"Ankakwirira patsinde pa mitengo, mtundu wawo ndi wotero. Wandisiyira nkhalango yonse, galu ameneyu. Chotsa phalalo, undipatse chakudya. Ndikamufunse Nungu mitengo imene ndaiwala."

Adayambanso. Tsiku lina pansi pa msangu, tsiku lina pansi pa mtondo, lina pansi pa mlombwa. Nkhalamba zinzake zinkamuperekeza zikukangana za maina a mitengo, uyu akuti uwu ndi muwanga, uyo akuti ayi ndi mwimbi. Ankabwera madzulo chimanjamanja, atatopa, ali ndi njala, ali ndi nkhani. Dzinja lidabwera n'kupita, lina lidabweranso.

Tsiku lina m'mawa Namilanzi adati azire m'nyumba ya bambo ake. Adatulutsa katundu, adapinda mphasa, adayamba kuwaza madzi. Pamalo pamene pankakhala mutu wa mphasa, dothi lidamira pang'ono. Adapalasa ndi chala. Adapeza kamtolo ka masamba ouma, ndipo m'kati mwake mudali chigwinjiri cha mkuwa, chitachita dzimbiri lobiriwira.

Adakhala pansi. Pansi pa m. Pansi pa mphasa. Wakuba uja adali atalowera padenga tsiku lina iwo kulibe, n'kuchibweza kwa mwini wake. Masiku onsewa bambo ake ankagona mutu uli pamwamba pa chinthu cha mkazi wawo.

Adachipukuta ndi nsalu, adachivala padzanja. Chidamukwana monga mmene chinkawakwanira mayi ake, ndipo adalira, pakuti naye adali atachisowa. Kenaka adadzuka n'kuthamangira pakhomo kuti aitane.

Bambo ake adali pabwalo, akunola minyanga pamwala. Nungu adali pomwepo, atatsamira ndodo yake.

"Ndikukuuza kuti pamvunguti tidakumba kale," ankatero Nungu.

"Udakumba ndiwe kutulo. Mutu wako wadzaza minga. Namilanzi, iwe ndiye uli ndi nzeru pano. Pamvunguti tidayesa?"

Namilanzi adaima pakhomo, dzanja lovala chigwinjiri litabisika kuseri kwa chitseko. Adayang'ana miyendo ya bambo ake, yafumbi, yokhala ndi zipsera m'mawondo, itaima yokha. Adacheuka n'kuyang'ana mphasa imene adaipinda ija.

"Simudayese, bambo," adatero.

"Wamva?" adatero Njiri kwa Nungu. "Koma ndi kutali."

"Ndi kutali ndithu. Nyamukani kusadatenthe. Tengani madzi, mukatopa mukhale pamthunzi."

Adawayang'ana mpaka atakhota. Kenaka adabwerera m'nyumba, adavula chigwinjiri, adachikulunga m'masamba atsopano, adachibweza m'kadzenje kake. Adakwirira, adazira pamwamba mpaka posaoneka, ndipo pouma adayalapo mphasa. Amene adadutsa panjira m'mawa umenewo amati adamva mayi akuimba m'nyumbamo motsitsa mawu, nyimbo ya chipika ndi chiswe, akuisokoneza ndi kulira.

Nthano yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata m'phulusa adzuke akaphule yekha, asatume mwana.